Manambala Anayi M'nthiti mwa Duchess

A Merv Tranter akhala akuweta ng'ombe kumapiri a chigawo cha Victoria kuyambira mapiriwo akadali zulu za chiswe. Mtima wawo anaugawa pawiri: theka kwa mahatchi awo awiri, theka linalo kwa mahatchi omwewo. Akazi awo, a Noeline, amati iwo amangotola nyenyeswa.

Pudding ndi hatchi yoti ukaikwera m'mawa kupita kugeti, utengeretu kamba wa masana. Amagona choimirira, amagona akuyenda, tsiku lina anagona ali pakati poyasamula. Koma Duchess, abale! Adalumapo dokotala wa ziweto, munthu wokhoma zitsulo kumapazi a mahatchi, ndi abusa amene anangobwera kudzapereka moni. A Merv amamutukwana tsiku ndi tsiku, koma karoti wamkulu amagwera iyeyo.

Januwale wapitayu, mwezi umene kuno kumatentha ndi kuuma, moto wolusa unatulukira paphiri, mphepo ikuukankha. Kuno nthawi ikathina aliyense amadziwa chochita: mahatchi umawavula zingwe ndi zofunda, umatsegula mageti a mkati, umawalemba nambala ya foni m'nthiti ndi penti, iwe nkuthawa. Pudding anaima phee. A Merv anamulemba nambala, dzina, adiresi, malo nkutsalabe oti munthu nkulembapo kalata. Duchess analola manambala anayi okha. Kenako anamenya theche chitini cha penti, chimene mwina chinakatera ku Tasmania kutsidya kwa nyanja, nkuliyatsa liwiro kulowa mu utsi.

"Kwerani galimoto, madala inu!" anakuwa a Noeline. "Mukufuna ndikhale mkazi wa phulusa?"

Atabwerera mawa lake anapeza nyumba ilipo, shedi ya udzu itapsa. Pudding anali m'damu, madzi m'khosi, akutafuna kaya chiyani, nkhope ngati wadzutsidwa pachabe. Duchess kunalibe.

A Merv anazungulira mipanda yonse yopsa, akuitana mpaka mawu kusasa. Akaona chakuda chitagona patali, ankathamangira komweko, kufika pafupi nkupeza ndi chitsa. Chakudya chinawakanika.

"Si inu munkati mudzamugulitsa kwa opanga zakudya za agalu?" anafunsa a Noeline, akuwaikira tiyi.

"Ndinkangonena kuti amve. Angamugule ndani? Agaluwo angadwale."

Tsiku lachitatu masana foni inalira. Anali a Glenys Hartigan, a famu ya kutsidya kwa mtsinje.

"A Merv, kuno kwabwera chilombo cha manambala anayi. Ndayesa kuwaimba, sakupita kulikonse."

A Merv anakhala pansi osayang'ana ngati pali mpando. "Chili bwino? Mapazi bwanji? Chapsa?"

"Mchira wokha ndiwo wawauka. Koma bwanji osafunsa za amuna anga? A Barry amati achipatse madzi, pano akukhalira thako limodzi."

"Wawaluma?"

"Kawiri! M'pamene anati, 'Glenys, zisiye zoimbaimbazo, ameneyu ndi wa Merv basi.'"

"Ambuye alemekezeke!" anatero a Merv, munthu woti kutchalitchi amangopondako pamaliro. "Noeline! Waluma Barry! Kawiri!"

"Pepesani kaye, opanda manyazi inu!" anayankha a Noeline, akupukuta m'maso ndi nsalu ya mbale.

Ananyamuka ndi ngolo yonyamulira mahatchi ndi katoni ya mowa yopepesera. Duchess anawayang'ana ngati motowo anayatsa ndi iwo, ngoloyo nkuikana kwamtuwagalu. Anayesa karoti, anayesa kunyengerera, a Barry nawo ankapereka nzeru ataima kuseri kwa thalakitala. Mapeto ake a Noeline anabwerera ndi ngolo yopanda kanthu, a Merv nkuuyamba wapansi, makilomita khumi ndi anayi dzuwa likuswa mtengo, chingwe m'manja, akumufotokozera Duchess za shedi yopsa ndi mipanda yofunika kukonza. Amene anawadutsa pagalimoto akuti madalawo ankaseka okha njira yonse.