Mipata Khumi ndi Umodzi m'Kaderno wa a Patrisio

Pa kapela yathu ya ku Kanyandule ana ambiri sankadziwa kuti a Mpimamvula ali ndi dzina lina. Dzina lawo la ubatizo linali Patrisio, mfunda wawo Ngozo. Tawaika m'manda mwezi wathawu, ndipo ndi bwino kuti moyo wawo ulembedwe anthu asanayambe kuwonjezerapo zawo. Eni akewo sankakonda zowonjezera.

Anabadwira kumapiri kuno, chaka sichidziwika. Ali mwana ankatopetsa akuluakulu ndi mafunso. Bwanji nkhungu imagona m'dambo osati pamtunda? Bwanji mvula imanyowetsa munda wa amalume n'kulumpha wa amayi? Tsiku lina kumwamba kutada anatenga zikho zonse za m'nyumba n'kuzindandalika kuchokera pakhomo mpaka kumunda, kuti aone chimene chiyambe kudzaza. Mayi awo anasowa chomwera madzi. Mkwapulo unalira, koma mwanayo, misozi ili chuchuchu, anawauzabe kuti chikho cha pachulu ndicho chinali ndi madzi ochepa.

Ku sikola ya ansembe ku Lifidzi anaphunzira kuwerenga, kulemba ndi masamu, ndipo anabatizidwa komweko. Anakwatira a Kasilida Nambewe, mayi wanthabwala amene ankayankhula mokwanira anthu awiri. Mulungu anawapatsa ana asanu, nawatenga anayi akali aang'ono. Anatsala Sesilia yekha. Kwa zaka zoposa makumi awiri a Patrisio analima dimba la pa kapela, kuliza belu ndi kuphunzitsa katekisimu, osadandaula.

M'chaka cha 1946 kunabwera Mpwitikizi wachinyamata, enjinyero wa zaulimi, amene anthu anamutcha Kamagalasi. Ankalemba buku lofufuza chimene chimabweretsa chiwawu pa mbatata ya kachewere, ndipo ankafuna munthu wopima mvula tsiku ndi tsiku. Anabwera ndi chitini chamkuwa ndi kabotolo kagalasi kojambulidwa timizere. Padiri Inosenti, wansembe amene ankayendera kapela yathu, sanaganize kawiri.

"Alipo munthu wake," anatero. "Ntchito imeneyi anaiyamba ndi zikho za mayi ake."

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse akaliza belu, a Patrisio ankapita kudimba, kuthira madzi a m'chitini m'kabotolo, kugwada kuti diso lifanane ndi mzere, n'kulemba ndi lapi, ndiye pensulo, m'kaderno, buku lawo la ziwerengero. Kukakhala kuti sinagwe, ankalembanso kuti sinagwe. Ankakondwa ngati mwana. Anayamba kulosera okha asanayang'ane, ndipo akalakwitsa ankaseka.

"Anzanu akupima chimanga m'nkhokwe, inu mukupima mvula," ankatero a Kasilida. "Kodi a Ngozo, chaka chino tidya timizere?"

"Chimangacho chimamwa timizere tomweti, a Nambewe."

"Ndiye mukachiuze chimwe msanga, ndiwo zikupsa."

Ntchitoyo inali ndi phindu lina limene aliyense ankalidziwa. Enjinyero ankadinda chidindo m'kadeneta yawo, kabuku kamene mwamuna aliyense ankayenda nako, kusonyeza kuti ali pa ntchito. Wopanda chidindo asupayi, apolisi a boma, ankamugwira n'kupita naye ku chibalo cha msewu.

Mvula ili pakati m'chaka cha 1951, a Kasilida anadwala kwambiri chifuwa chachikulu. Anawanyamula pa machila mpaka kuchipatala ku Ulongwe. A Patrisio anakhala pambali pawo masiku asanu ndi anayi, ndipo masiku ena awiri anali a maliro. Atabwerera kudimba anapeza chitini chitadzaza n'kusefukira, muli masamba ndi kachule. Anaima nthawi yaitali. Kenako anakhuthula madziwo, natsegula kaderno, nalumpha mizere khumi ndi umodzi, n'kuyambira pa tsiku limenelo.

Enjinyero atabwera kudzatenga kaderno anayamba ndi kupepesa maliro, ndipo anapepesa ndi mtima wonse. Atafika pa mipata ija nkhope inasintha.

"Patrisio, buku langa likupita kwa akatswiri ku Lourenço Marques. Masiku amenewa ndi amene chiwawu chinayamba. Mndandanda wobowoka chonchi adzaubweza. Ndili ndi ziwerengero za ku Ulongwe, nazi. Ingokoperani ndi dzanja lanu."

"Ya ku Ulongwe inagwa ku Ulongwe, sinyoro. Ndinali komweko, inandinyowetsa. Ya kuno sindinaione."

"Si kutali! Mvula ndi imodzimodzi."

"Ikanakhala imodzimodzi simukanabweretsa chitini kuno."

Enjinyero anavula magalasi n'kuwapukuta. "Adzadziwa ndani?"

"Ine. Ndi amene anaigwetsa."

Mnyamatayo anakwiya, chifukwa zaka zisanu za ntchito yake zinali pa tsamba limenelo. Ananena kuti akapanda kulemba achotsa chitini, ndipo chidindo chithera pomwepo. Padiri Inosenti anawatengera a Patrisio kuseri kwa kapela.

"Bambo Patrisio, sindinganene kuti muname. Koma mukudziwa chimene chikubwera? Msinkhu wanuwu si wophwanya miyala."

"Ndikudziwa, Abambo. Koma masiku amenewo ndinali ndi mkazi wanga. Ndikalemba kuti ndinali kudimba, ndiye kuti ndinamusiya yekha."

Wansembeyo anachonderera ku boma, koma sizinathandize. Chimanga chisanaume asupayi anafika. A Patrisio anapita miyezi isanu ndi umodzi ku msewu wotsikira ku Tete, kolona m'thumba. Amene anali nawo amati ngakhale kumeneko sanaleke mafunso. Ankagwira udzu m'mawa n'kudabwa kuti kuchigwa mame ndi ochepa chotere bwanji. Mwala unawagwera paphazi, ndipo anabwerera akutsimphina. Sanatchulepo dzina la enjinyero moipa. Anatola chitini cha mafuta, nasema timizere pa kamtengo, n'kupitiriza kupima mvula popanda wowatuma.

"Bambo, mukupimiranji?" anafunsa Sesilia, amene tsopano anali mayi wa ana atatu. "Zomwezi si zimene zakuthyolani phazi?"

"Ndingofuna kudziwa," anayankha.

Chitini chamkuwa chija enjinyero anachipereka kwa kalaliki wa pa sitolo ina, munthu wa zilembo zokongola. Kaderno wa ameneyo analibe mpata ndi umodzi womwe, ndipo enjinyero ankamuyamikira. Koma tsiku lina Lachinayi anafika mosayembekezeka. Kalaliki anali atawoloka malire pa Kalomwe kupita ku ukwati ku Dedza, ndipo kaderno anali atalembedwa kale mpaka Lamulungu. Mvula ya masiku atatu amene anali asanache inali itagwa kale papepala.

Madzulo a tsiku lomwelo enjinyero anaima pakhomo pa a Patrisio, chipewa chili m'manja. Sesilia anamuyalira mphasa, ndipo mlendoyo anakhala pansi ngati mkamwini.

"Bambo Patrisio, zaka ziwiri zapita pachabe. Sindikudziwanso tsiku loona ndi lonama m'kaderno wa munthu uja. Wanu yekha ndiye ndingakhulupirire, chifukwa pamene simunaone simunalembe. Ndinakulakwirani."

A Patrisio anangofunsa: "Nanga chiwawu chija, mwapeza chimene chimachibweretsa?"

Anacheza za nkhungu ndi mame mpaka nkhuku kulowa.

Buku linafika m'chaka cha 1954. Linali la Chipwitikizi, lopyapyala, ndipo Padiri Inosenti analitsegula pa khonde la kapela Misa itatha. Pa tsamba la mvula ya 1951 panali mipata yoyera pakati pa ziwerengero, ndipo m'munsi munali mawu aang'ono amene wansembeyo anatimasulira: "Masiku awa sanapimidwe. Wopima, Patrisio Ngozo, ankadwazika ndi kuika mkazi wake." A Patrisio anayendetsa chala pa mipatayo, akuwerenga umodzi umodzi.

"Yakwana," anatero, nabweza buku.

Zaka zawo zotsiriza anazitha mwakachetechete. Phazi litakana kupita kudimba, ankakhala pakhonde kuphunzitsa akatekumeni. Pa lamulo lachisanu ndi chitatu, loletsa umboni wonama, sankachulukitsa mawu. Ankangoti: "Kunena kuti sindikudziwa si umphawi."

Anagona pa mphasa kumapeto kwa chilimwe cha 1958, nalandira masakramenti ali ndi nzeru zawo zonse. Masana a tsiku lomaliza kunagunda, ndipo mvula yoyamba inagwa. Fungo la dothi linalowa m'nyumba. Itakata anatsegula maso n'kuitana mwana wawo.

"Sesilia, yagwa yochuluka bwanji?"

Sesilia akunena yekha kuti anafuna kungotchula chiwerengero chilichonse kuti bambo ake akondwe. Chitini chinali panja, ndipo iye sanachoke pambali pawo.

"Sindikudziwa, bambo. Sindinapime. Ndinali pano ndi inu."

Nkhalambayo inamwetulira.

"Usalembe kanthu," inatero.

Dzuwa lisanalowe anapuma mpweya wotsiriza, kolona ili m'manja. Kaderno wawo womaliza akusungidwa m'kapela pamodzi ndi buku lija. Amene afuna kuona angapemphe kwa Sesilia. Mzere wa tsiku limenelo ndi woyera. Ambuye awapatse mpumulo wosatha.