Kolete ya achimwene inapha motori wamoyo

Loweruka lapitali ndinaba kolete ya achimwene anga a Zito, ija yalalanje yonyezimira imene amavala ku mgodi wa malasha ku Moatize. Ndinatenganso chisoti ndi magalasi akuda. Cholinga chinali chaching'ono: kukagula buledi ku padariya ya ku bairro la Samora Machel, dera lina la mu Tete muno, osaima pamzere. Kwathu ku Mpadue sindikanayesa, amandidziwa ndi kayendedwe komwe.

Zinatheka. Amayi obereka ana anandipatukira ngati kukudutsa maliro.

Kuseri kwa padariyayo kunali mkangano. Mwini wake, Dona Filomena, ali ndi makina owazira nkhuni za mu uvuni, poti tsanya wouma amabweza nkhwangwa. Motori wa makinawo anali atazima. Mesitiri Jasinto, mkulu amene wakhala akukonza njinga zamoto ndi mapampu ine ndisanabadwe, anali atagwada pamenepo, malaya ali mafuta okhaokha.

"Dona, ndi vela yokha, kamene kamayatsa moto aka. Yatsekeka ndi fumbi," anatero Mesitiri.

"Vela, vela! Inu chilichonse ndi vela!" Pamenepo Dona anandiona ine. "Injinyero! Mulungu wakutumani. Tationerani kuno."

Inu mukanatani? Ine Fizika ndimakhoza mwa chifundo cha aphunzitsi, ndipo kunyumba dzina langa labwino ndi "iwe galu". Lero munthu wa galimoto yake akunditcha injinyero?

Ndinanyonyomala. Ndinagogoda motoriyo ndi chala, ndinanunkhiza mafuta a gazolina, ndinapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Dona, uyu wafa. Kumgodi otere timataya."

Mesitiri anayang'ana mapazi anga, anaona patapata wong'ambika. Anangotolera masipanala awo n'kumapita.

Lolemba Dona anagula motori watsopano kusitolo. Mabowo ake sanagwirizane ndi a makina, anyamata a kusitoloko anachita kuboola ena tsiku lonse, koma madzulo nkhuni zinayamba kung'ambika. Ndipo aliyense wogula buledi anapatsidwa nkhani yaulere: Mesitiri Jasinto nzeru zawathera, anatsutsidwa ndi injinyero wa kumgodi. Padariya ndi wayilesi, abale, imafika pakhomo lililonse m'mawa uliwonse.

Mukufuna ndipepese? Ayi. Ndinaseka mpaka nthiti kupweteka. Ine ndinayankhula mawu asanu ndi limodzi okha, zotsalazo inachita ndi kolete, ndipo koleteyo mphamvu munaipatsa ndinu.

Taonani mmene Tete wakhalira chiyambire malasha. Wovala lalanje amapatsidwa mpando wakutsogolo mu shapa, minibasi zathu zija. Eni nyumba akutulutsa mabanja kuti alowe iye. Ku tchalitchi amamupempha kuti apemphere ngakhale akununkha za dzulo. Aliyense wodziwa kugwira sipanala anawoloka mlatho kupita kumgodi, ndipo amene anatsala timamuyesa wokanidwa. "Akanakhala wodziwa bwenzi ali ku Moatize," timatero. Ndani anafunsapo wa kolete kuti kumgodiko amagwira chiyani? Achimwene anga ntchito yawo ndi kukupiza mbendera kuti magalimoto adutse. Chikomekome cha mkuyu.

Lachinayi ndinapita ku shedi ya Mesitiri, nditavala yunifomu ya sukulu. Ndinkangofuna kuona nkhope yawo. Ndili patali ndinamva kulira kwa injini. Anali motori uja, womwe ndinaulengeza maliro. Mesitiri anautola ku dzala la Dona, anapukuta vela, ndipo unkalira bwinobwino pakati pa shedi yopanda kanthu. Njinga zamoto zitatu zimene zinkadikira kukonzedwa eni ake anali atadzazitenga.

Anayang'ananso mapazi anga.

"Injinyero, khala apo."

Ndinayang'ana pothawira.

"Sindikumenya, mwana iwe. Dzanja ili ndi la ntchito."

"Titiyu," ndinatero, monga timaitanira akuluakulu, "si mungounyamula mukawaonetse Dona?"

"Ndinawatumira uthenga. Akuti ndaika zitsulo zina kuti ndibise manyazi." Anazimitsa motori. Kunangoti zii, kunkamveka malori a malasha okha kumsewu. "Zaka zonsezi anthu amabwera okha pano. Sabata ino ndakonza wilibala imodzi."

Anandifunsa mwini wake wa kolete ija, ndinaulula kuti ndi achimwene.

"Achimwene ako amapuma liti?"

"Lolemba."

"Undibwereke kolete ija. Ndi chisoti chomwe. Ndiyende nayo m'bairro muno, mwina andiitana."

Ndinaseka. Iwo sanaseke.

Ndiye ndikufunsani inu, amene munandipatukira pamzere paja. Lolemba mukaona mkulu wa imvi atavala lalanje lomuthina pamimba, sipanala ili m'manja, akugogoda pageti panu, mum'tsekulira chifukwa cha chiyani?