Giya ndi Fayilo ya Munthu Amene Anamugunda

Inu amene mukufuna mawu olimbikitsa, ndikuuzirenitu kuti kumapeto kwa nkhani iyi kulibe nyumba yosanja kapena galimoto yonyezimira. Ndi nkhani ya mayi wina amene ankafuna mapepala ochepa a kukhoti kuti akatenge mwana wake.

Tsiku limene ndikuyambira, mayiyu anali atakhala pabenchi ya pakhonde la khoti, ndodo yoyendera ili pakati pa miyendo, akulira osabisa nkhope. Kalaliki anali atangomuuza kuti mlandu wake mulibe m'mabuku, ndipo asabwerenso kudzatayitsa anthu nthawi. Odutsa ankangomulambalala ngati chithaphwi.

Anzake a ntchito ankamutchula kuti Giya, chifukwa posintha magiya a basi, mwana wogona pampando sankadzidzimuka. Ankayendetsa basi ya sukulu. Mwamuna wake anamwalira mwana wawo wamkazi akadali kumsana, ndipo chiwongolero ndi chimene chinkawadyetsa awiriwa.

M'mawa wina akupita kukatenga ana, m'basi mulibe aliyense, kagalimoto kofiira kanatulukira pamphambano osaima n'kumuomba mbali ya dalaivala. Woyendetsa kagalimotoko ankachokera kumowa. Giya anathyoka fupa la m'chiuno ndipo anagona m'chipatala miyezi yambiri.

Mlandu unazengedwa iye ali pabedi. Wapolisi anabwera kudzalemba mawu ake ali pakati pa ululu ndi mankhwala ogonetsa, moti dzina la womugundayo sanalimve n'komwe. Anangomva kuti munthuyo analowa m'ndende.

Koma pakamwa pa anthu, inu. Makolo a ana anangotola mawu awiri, basi ya sukulu ndi mowa, n'kuwalumikiza okha. Potuluka m'chipatala, Giya anapeza nkhani itapsa kale yakuti dalaivala wamkazi uja ankayendetsa ataledzera, ndipo unali mwayi kuti ana anali asanakwere. Munthu woti fungo la mowa lokha limamuchititsa nseru. Sukulu inali italemba kale dalaivala wina.

Mvula ikakuona litsiro sikata. Mlamu wake, mlongo wa malemu mwamuna wake, ndi amene ankasunga mwana nthawi ya chipatala ija, ndipo anakana kumubweza.

"Mlamu, sindikukulandani mwana," anatero. "Koma mwana wa achimwene sangakhale pakhomo popanda ntchito, anthu akulankhulanso zimene akulankhulazi. Mukayamba ntchito mudzamutenge."

Giya sanatsutse, chifukwa m'nyumba mwake munalibedi kanthu. Ankapita Lamlungu kukamuluka mwanayo tsitsi pakhonde, kenako n'kubwerera yekha. Zinkamupweteka kwambiri, koma analibe wokamudandaulira.

Mwendo utayamba kumvera, anamva kuti kampani ina yonyamula antchito ikufuna madalaivala. Anamuyesa pamsewu, anakhoza. Tsoka lake, bwana woyang'anira mabasi anali atamva mphekesera zija.

"Mayi, manja muli nawo," anatero bwanayo. "Koma sindingakweze anthu m'basi ya munthu amene akumunena za mowa. Ndibweretsereni chigamulo cha khoti chokhala ndi chidindo. Malo ndikusungirani, koma osati mpaka kalekale."

Giya anaona ngati ndi nkhani ya tsiku limodzi. Anachapa bulauzi yake yabwino, analawirira kukhoti.

Ofesi yosunga mabuku a milandu inali ndi kazenera ka zitsulo. Ukasuzumira umaona tebulo lodzaza mapepala, fani yosazungulira, ndi mafayilo omangidwa ndi zingwe ataunjikidwa mpaka kudenga. Anthu ankaima pamzere padzuwa, aliyense ndi envulopu yake pachifuwa.

"Ndikufuna chigamulo cha mlandu wanga, wa ngozi ya pamsewu," anatero Giya atafika pazenera.

"Dzina?"

Anatchula dzina lake. Kalaliki anayendetsa chala m'buku lalikulu, anatembenuza masamba angapo, n'kuliomba. "Mulibe. Bwerani mawa, mwina lili m'buku lina."

Mawa lake anapeza kalaliki wina, amene anafunsanso dzina, anayang'ananso, n'kumuuza kuti akatenge nambala ya mlandu kupolisi. Kupolisi anamuuza kuti amene anafufuza ngoziyo anasamutsidwa, ndipo nambala yotere imasungidwa kukhoti. Kukhoti anamubwezanso kupolisi. Munthu wa ndodo, chiuno chomangidwa ndi zitsulo, kumuyendetsa uku ndi uku ngati alibe kwawo. Ine zoterezi zimandikwiyitsa, chifukwa panalibe ngakhale mmodzi amene anadekha n'kumufunsa kuti kodi chinachitika n'chiyani.

Masabata anadutsa. Bwana wa mabasi anaimba foni kuti malo sadikira munthu. Lamlungu lina mwana anafunsa kuti, "Amayi, anzanga akuti munkamwa mowa, n'zoona?" Giya anayankha kuti ayi, koma anaona m'maso mwa mwanayo kuti mawu okha sakukwaniranso.

Ndiye tafika pa tsiku lija la kulira pabenchi. Nthawi ya chakudya chamasana itakwana, kalaliki amene anamuthamangitsa uja anatuluka, n'kuima pafupi naye. Sichinali chifundo ayi. Kulirako kunkamuchititsa manyazi pakhomo pa ofesi yake.

"Mayi, kodi pa mlandu wanuwo anakugamulani chiyani? Faindi kapena ndende?"

"Ine sanandigamule. Ine ndi amene ndinagundidwa."

Kalalikiyo anapukusa mutu. "Nanga bwanji nthawi yonseyi mumatipatsa dzina lanu? Pachikuto cha fayilo ndi m'buku timalemba boma ndi woimbidwa mlandu. Wogundidwa amakhala m'kati, ndi mboni chabe. Bweretsani dzina la amene anakugundaniyo."

Giya sankadziwa zimenezo. Chiuno chothyokacho chinali chake, ntchito yothayo inali yake, mwana wokulira kwa eniyo anali wake, ndiye akanaganiza bwanji kuti mlanduwo ndi wa boma ndi chidakwa? Ndipo dzina la chidakwacho sankalidziwa.

Atafika kunyumba anagona chogona osavula nsapato. Anaganiza zokauza mlamu wake kuti mwanayo angomutenga mpaka kale, popeza kumeneko akudya komanso akupita kusukulu. Mawu okanena anawakonza ndithu. Anadziona kuti ndi mayi wopanda pake, ndipo analakalaka ngozi ija ikanangomumaliza.

Chimene chinamudzutsa si kulimba mtima, musadzinamize. Chinali chizolowezi cha ntchito. Dalaivala amaiwala nkhope za anthu, koma saiwala galimoto. Giya ankakakumbukira kagalimoto kaja bwinobwino: kofiira, chitseko chakumbuyo choyera chochita kugwirizira, nyali yakumanzere yomata ndi tepi. Galimoto yophwanyika chotero siyenda yokha, amaikoka, ndipo imakathera pa galaja ina yake.

Anayamba kuzungulira magalaja a m'mbali mwa msewu wa ngoziyo. Kwina ankamuseka, kwina ankaganiza kuti akufuna kugula zitsulo zakutha. Chiuno chinkatentha moti nthawi zina ankakhala pa tayala lakale mpaka misozi itasiya. Pa galaja ina kuseri kwa malo omwetsera mafuta, anakapeza kagalimotoko katachita dzimbiri, udzu utamera m'matayala.

"Mwini wake ali m'ndende," anatero makaniko wamkulu akupukuta m'manja. "Dzina lake sindilidziwa, ife timangoti bwana wa yofiira. Koma mkazi wake ndi telala, amasoka kuseri kwa msika. Amabwera kudzafunsa ngati wina wakonda injiniyi."

Giya anaipeza shopuyo tsiku lomwelo, koma anaima kutsidya kwa msewu nthawi yaitali. Mkwiyo unkamuletsa kuwoloka. Pa anthu onse a padziko, thandizo likachokere m'nyumba ya munthu amene anamulemaza? Atakumbukira funso la mwana wake lija, anawoloka.

M'shopumo munali mothina, zidutswa za nsalu zili mbwee pansi. Mayi wowonda anali atawerama pa makina.

"Takulandirani, mayi. Tikusokereni chiyani?"

"Sindikusoketsa. Ine ndi dalaivala wa basi ija."

Makina anasiya kulira. Telalayo anayang'ana ndodo, anayang'ana mwendo, kenako anakoka kampando. "Ngati mwabwera kudzatukwana, khalani pansi kaye, mwendowo ungakupwetekeni. Ine ndinazolowera."

"Ndikufuna dzina la amuna anu ndi nambala ya mlandu wawo. Anthu akuti woledzera ndinali ine. Ntchito inatha, ndipo mwana wanga ali kwa eni."

Telala ankadziwa kuti akapereka dzinalo, manyazi a banja lake akawerengedwanso m'maofesi ena, ndi anthu ena. Kenako anatola kachidutswa ka nsalu yoyera n'kulembapo dzina ndi nambala, osayang'ana pena paliponse.

"Nambalayi ndimaitchula pageti la ndende ndikamakawaona," anatero. "Ndinkawauza kuti tsiku lina adzapha munthu. Sindinadziwe kuti akunamizira inu, mayi. Kupepesa ndikufuna, koma sikungakwane."

Giya sanamukhululukire mwamunayo tsiku limenelo, ndipo sindikudziwa ngati anamukhululukira mpaka pano. Anangolandira kansaluko ndi manja awiri n'kutuluka.

Kukhoti, kalaliki anaupeza mlanduwo m'buku asanameze n'komwe malovu. Mwina mukuganiza kuti zinathera pomwepo. Anamuuza kuti alembe kalata yopempha kope la chigamulo, akalipire kwa wolandira ndalama, abweretse risiti, ndipo adikire kuti fayiloyo aifufuze m'chipinda cha milandu yakale.

Amati mlandu suola, koma mafayilo amaola ndithu. Denga la chipindacho linkadontha, ndipo fayiloyo anaipeza itafufuma, m'mphepete chiswe chitalawa. Chigamulo chinali cholemba pamanja, chofunika kutayipa. Wotayipa anali kumaliro. Atabwera, makina osindikizira analibe inki. Inki itapezeka, majisitireti woti asayine anali kumsonkhano.

Giya anasiya kufunsa kuti abwere liti. Ankangobwera m'mawa uliwonse n'kukhala moyang'anizana ndi kazenera kaja, kuti aliyense wokweza mutu amuone. Makalaliki anayamba kumutchula kuti mnzathu wa ntchito wopanda malipiro. Iye sankaseka.

Masana ena anamuitana ndi kumupatsa mapepala omata pamodzi, chidindo chili chonyowa. Anawerengera pakhonde pomwepo. Dzina lake analipeza pa mzere umodzi wokha, pamene khoti linanena kuti dalaivala wa basi ankayenda mbali yake, pa liwiro loyenera, ndipo analibe cholakwa chilichonse.

Anathamangira ku kampani ija mmene munthu wa ndodo angathamangire. Bwana wa mabasi anawerenga mpaka kumapeto, n'kuusa moyo.

"Mayi, mwachedwa. Malo aja ndinapatsa wina."

Giya anatambasula dzanja kuti atenge mapepala ake. Sanachonderere, mphamvu zake zinali zitatha.

"Pali chibasi chakale chonyamula antchito a m'bandakucha," anapitiriza bwanayo. "Chiwongolero chake n'cholimba ndipo aliyense akuchikana. Ndi chiuno chanucho sindikudziwa ngati mungachithe."

"Ndipatseni makiyi," anatero Giya.

Atalandira malipiro oyamba, anapita kwa mlamu wake ndi mapepala aja. Mlamuyo anawerenga, anayang'ana pansi, n'kunena kuti, "Pepani mlamu, tinangomva za anthu." Kenako anaitana mwana kuti alongedze.

Mwanayo anatuluka ndi kachikwama kakang'ono kosadzaza n'komwe.

"Zovala zina zili kuti?" anafunsa Giya.

"Ndasiya kwa azakhali," anayankha mwanayo motsitsa mawu. "Mwina mudzandibwezanso."

Mawu amenewo anamupweteka kuposa ngozi ija. Anatsamiritsa ndodo pakhoma, analowa yekha kuchipinda akutsimphina, n'kusonkhanitsa chilichonse cha mwanayo: madiresi, makope akutha, mswachi, ngakhale nsapato zimene zinali zitamuchepera. Anazimanga mtolo umodzi n'kusenza.

"Kuno uzibwera kudzacheza basi," anatero. "Tiye kwathu."

Lero Giya akutsimphinabe, ndipo kukazizira chiuno chimamukumbutsa zonse. Pali makolo ena amene akamuona amanong'onezanabe, chifukwa bodza likalowa m'khutu silituluka ndi chidindo. Chibasi chija chimazima pachitunda. Koma akaweruka amapeza mwana wake pakhomo, akulemba za kusukulu.

Inu amene maofesi akukuyendetsani uku ndi uku, fotokozani nkhani yanu yonse, funsani kuti zinthuzo amazisunga bwanji, ndipo ngati yankho lili pakhomo limene simukufuna kugogoda, kagogodeni. Mwina palinso wina amene wasiya theka la zovala zake kwa eni chifukwa sakukhulupirira kuti mudzaimanso. Chifukwa cha ameneyo, dzukani mawa mupitenso. Ngakhale mtima utatsala pang'ono bwanji, musautaye.