Mbuzi ya pa 6 Julayi

Kwathu ku Jenala, tsiku lokumbukira ufulu wodzilamulira timadyera pamodzi. Abusa amatsegula ndi pemphero, ashehe amatsekera, pakati apo ovina tchopa amabulitsa fumbi pabwalo la sukulu. Lamulo ndi limodzi, ndipo ngakhale mwana amalidziwa: mbuzi amazinga ndi Msilamu, kuti aliyense adye nawo.

Chaka china mbuzi inagona m'khola mwathu poti amuna anga anali m'komiti. Amuna angawa ndi aphuma, sadikira ngakhale tiyi kuti azizire. Ashehe atachedwa kumaliro, amuna anga anangonola mpeni n'kuigwetsa okha kuseri kwa nyumba.

"Ukanene kuti azinga ndi ashehe," anandiuza. "Akadziwa bwanji?"

Ndinasenza beseni la nyama. Kumafuwa ndinapeza mnzanga wachisilamu wogulitsa mandasi pamsika, yemwe anandidikirira kuchipatala cha ku Boma pobadwa mwana wanga woyamba. Anali atadula kale anyezi. Ana ake anali ataiimba nyamayi sabata yonse.

"Yazingidwa bwinobwino, asisi?" anafunsa akunditula.

Ndinalephera kunama. Ndinanena zoona, maso ali pansi. Ndinkalakalaka atandikalipira, mwina bwenzi nditapepukidwa. Iye anangoti, "Mwachita bwino kunena," n'kupita kukanong'oneza amayi anzake. Palibe amene ananyanyala. Anatsuka mphika wina n'kutereka nandolo, ndipo mpunga wa anthu onse anaphika ndi iwo omwewo.

Masana amuna anga analowa m'bwalo la tchopa, akudumpha ngati palibe chachitika, anthu n'kumawaombera m'manja. Ine ndinapsa mtima, koma manyazi ndiwo anakula. Ashehe atafika anapempherera dziko, mvula, ndi manja onse amene anakonza chakudya. Apo ndinafuna nthaka itang'ambika ndilowemo.

Pakudya tinakhala pamphasa imodzi monga mwa masiku onse. Wogawa anandiikira nthuli ziwiri ndisanakane. Mwana wamkazi wa mnzanga uja, wa sitandade wani, anasiya nandolo zake n'kumayang'anitsitsa m'mbale mwanga. Amayi ake anamugwira chibwano mofatsa n'kumutembenuza.

"Usamayang'ane m'mbale ya akuluakulu, iwe. Apepese azakhali ako."

Mwana uja anagwada n'kundipepesa.