Mawu a Namoto

Tsiku limene amalume anga a Dyson ananama pa wailesi ndi limene ndinalumbira kuti ndichoka m'dziko muno. Anali ndi shedi yoonetsera mafilimu ku Bangwe, ndipo ine, atandichotsa sukulu ndili Fomu 2 chifukwa cha ndewu, ndinkawamasulira mafilimu achimwenye. Kumasulira kwake kunali kongopeka. Ndinkayang'ana nkhope za anthuwo n'kumawaika Chichewa m'kamwa, amuna ndi akazi omwe, onse kutulukira pakhosi panga. Amalume ankajambula n'kumagulitsa.

Filimu imene inatitchukitsa inali yakalekale, ya mayi wina amene zigawenga zinamuphera mwamuna. Akapsa mtima ankamasula tsitsi ndi dzanja lamanzere, kamodzi kokha, zikatero adani ake kunali kuthawa. Ndinamutcha Namoto. Mawu amene ndinamupatsa, akuti "Idyani, vinani, ine sindifulumira," amayi ankaopsezera nawo amuna awo Bangwe yense.

Atabwera mtolankhani wa pa wailesi kudzafunsa kuti Namoto amamulankhulira ndani, amalume anakhosomola n'kuti, "Ndine. Ndimangosintha pakhosi." Nditawafunsa chimene ananamira, anangoti, "Iwe umadya kwa yani?" Ndinanyamula sipika n'kuiphwanyira pa mapazi awo. Mayi anga anati ndikagwade ndikapepese, popeza mwinimbumba satsutsidwa pagulu. Sindinagwade. Ndinavutitsa mlongo wanga Esnati, namwino ku Dudley ku Mangalande, mpaka anandipezera mapepala a ntchito yosamalira okalamba.

Za ku Birmingham sindikunamizani. Ndinkakhala m'kachipinda ku Handsworth kamene renti yake inkadya theka la malipiro, ndalama yotsalayo n'kugawana ndi mayi. Potumiza ndinkawauza kuti ngakhale tambala imodzi isadutse pakhomo pa achimwene awo. Kutchalitchi kwa Amalawi ndinapitako kangapo, koma funso lawo loyamba linali lakuti "Munaphunzira kuti?" ndiye ndinasiya ndisanamenye munthu. M'basi, popita kumashifiti, ndinkayang'ana azungu akucheza n'kumawamasulira chamumtima, uyu akukana ngongole, uyu akufunsira mbeta. Woseka panalibe. Anyamata a kwathu ankanditumizira zithunzi za chikwangwani chatsopano cha pa shedi, dzina la amalume lili pamwamba pa nkhope ya Namoto. Sindinkazifufuta. Ndinkaziyang'ana kuti mkwiyo usazizire.

Kenaka akuntchito anandipatsa gogo wina wachimwenye ku Aston, amene aliyense ankangowatcha Amma. Ankakhala m'chipinda cha kumbuyo kwa nyumba ya mwana wawo, ndipo anzanga ankawathawa chifukwa ankagenda makapu. M'mawa wina mnzanga Mutinta, mtsikana wa ku Zambia, anawamanga tsitsi bwinobwino. Amma anakweza dzanja lamanzere, kukoka kamodzi, imvi zonse mbwee pamapewa, diso lili gaa pa mtsikanayo. Supuni inandigwa. Dzanja limenelo ndinalionera kambirimbiri, ndikulibweza m'mbuyo kuti mawu anga agwere pamalo pake.

Ndinatulutsa foni n'kuwaonetsa kachidutswa ka filimu ija. Anadziona ali mtsikana, koma chimene anatchera khutu ndi mawu.

"Akulankhulayu ndani?" anandifunsa m'Chingerezi.

"Ndine, Amma."

"Ukundinenetsa chiyani?"

Nditawauza, anaseka mpaka kutsamwa. "Akuposa amene anandilembera agalu aja," anatero.

Kuyambira tsiku limenelo sanandigendenso. Anandiuza kuti anachoka kumudzi kwawo kum'mwera kwa India ali kamtsikana kovina, n'kukasewera mafilimu ambirimbiri ku Madras, m'Chitamilu ndi m'Chitelugu. Anthu ankagona pamzere kuti akawaone. Koma mkulu wa mafilimuwo anati mawu awo ndi okhakhala ngati a munthu wogulitsa nsomba, choncho mayi wina ndiye ankawalankhulira, ndipo palibe filimu ngakhale imodzi imene muli mawu awo enieni. Atadandaula kwa atolankhani, mafoni anasiya kulira. Anakwatiwa, kubwera ku Mangalande, n'kukalambira pa kauntala ya shopu ya amuna awo. Mwana wawo ankauza anthu kuti mayi ake anali mayi wapakhomo basi.

"Nanga anthu amenewo munawakhululukira?" ndinafunsa.

"Ndinawadikira," anatero. "Onse anafa. Aliyense akafa ndinkamwa tiyi wa shuga wambiri. Amalume akowo ali moyo? Ndiye usachite ngati ine. Wakufa samva manyazi."

Tsiku lina anandilamula kuti ndiwajambule pa foni. Anamasula tsitsi n'kunena mawu onse a Namoto a pamaliro a mwamuna wake, m'chinenero chawo, ndi pakhosi pawopawo. Pomaliza anatchula dzina langa, nati uyu Lameki ndiye anandilankhulira ku Africa. Anamwalira chisanu chisanathe. Pamaliro panali anthu ochepa, ndipo palibe anatchulapo za filimu. Ndinapempha tchuthi, kugula tikiti.

Ndinafika pa shedi Lamulungu masana, itadzaza. Amalume anandithamangira manja ali m'mwamba. "Mphwanga wa ku Ulaya! Watitengera chiyani?"

"Ikani Namoto, amalume. Ndamusowa."

Anaika, akumwetulira. Itafika pamene Namoto amamasula tsitsi, ndinazimitsa mawu n'kuwapatsa maikolofoni. "Sinthani pakhosi timve."

Anaiyang'ana ngati ndawapatsa njoka. Anati ali ndi chimfine. Anthu anayamba kukuwa kuti alankhule, iwo n'kutulutsa kamawu ngati ka mbuzi yomangidwa, shedi yonse kugwa ndi phwete. Ndinawalanda maikolofoni n'kulankhula ndime yonse, osaphonya ngakhale pamene Namoto amapumira. Thukuta linkawatsika m'khosi. Ndikanati ndinawamvera chisoni ndikananama. Zinandikomera kuposa chakudya chilichonse chimene ndinadyapo.

Ndinatembenukira kwa anthu kudikira kuti adabwe. Mayi Phiri, ogulitsa mandasi pakhomo pa shedi kuyambira ndili mwana, anangopukusa mutu.

"Iwe Lameki, wakwera ndege kudzatiuza zimenezi? Timadziwa kale. Mawu a a Dyson amene amalira ngati chitseko aja, angakhale a Namoto?"

"Nanga bwanji munangokhala chete?"

"Za pachibale tikanazilowerera bwanji, mwanawe? Ndi amalume ako."

Ena onse anavomera ndi mitu. Pamenepo mpamene ndinapsa mtima zenizeni. Zaka zonsezi ndinkazizidwa pa siteji ya basi ndikuganiza kuti Bangwe ananamizidwa, chonsecho Bangwe ankadziwa, ankalipira pakhomo, n'kumapereka moni waulemu kwa wakubayo. Ngakhale mayi anga ankadziwa pamene ankandiuza kuti ndikagwade. Ndinayang'ana sipika yatsopano, manja akundiyabwa.

M'malo mwake ndinalumikiza foni. Pa sikirini panaoneka gogo wa imvi pa mpando wa matayala. Anyamata ena anaseka, koma dzanja lamanzere litakwera, tsitsi n'kugwa, wina kumbuyo anakuwa kuti, "Ndi yemweyo!" Kenaka mawu aja anatuluka, okhakhala, olemera, ogwedeza malata. Mwachizolowezi ndinakweza maikolofoni kuti ndimasulire.

Mayi Phiri anandigwira dzanja. "Khala chete nawenso. Timumve mwini wake."

Ndinatsitsa maikolofoni. Palibe anamva liwu ndi limodzi lomwe la Chitamilu, koma amayi ena ankapukuta maso ndi zitenje, ndipo itatha anati ndibwereze. Ndinabwereza kangapo. Pamene Amma ankatchula dzina langa, amalume anali atazemba kale potulukira kumbuyo.

Sindinawakhululukire, ndipo amene akudikira kuti ndikagwade adikire. Chikwangwani chija ndinachizula ndi manja anga. Chatsopanocho chili ndi nkhope ya Amma ndi dzina lawo lenileni, limene Bangwe yense akulephera kulitchula koma akuyesetsa. Langa lili pansi pake. Madzulo a tsiku limenelo ndinapempha mayi kuti andipangire tiyi, ndipo shuga ndinathira ndekha.