Zala za NyaKayira

Ife a ku Mwenilondo amene tinabadwa boma la chipani chimodzi litangoyamba, ambiri tinatulukira m'manja mwa mayi Lettie NyaKayira. Anali mzamba wamfupi, wamakani, wosadziwa kunong'ona. Akagwira mimba ndi dzanja lamanja ankadziwa kumene kuli mutu wa mwana ndi kumene kuli miyendo. Maso awo anali zala.

Mu 1978, akukolola mpunga, chikwakwa chinawatema pamkono wamanja, pafupi ndi chikhatho. Adokotala anasoka bala, nalumikizanso mtsempha womvera umene unaduka. Bala linapola, koma chala chachikulu ndi ziwiri zotsatira zinachita dzanzi. Tsiku lina anapsa ndi khala, nadziwira fungo. Uzamba anausiya okha, ati sangagwire mwana wa munthu ndi dzanja lakufa. Chowawa n'chakuti mwana wawo Towera, amene anapita padera kawiri, anali ataimanso.

Kuchipatala chaching'ono kunali mthandizi wa dokotala, a Patson a ku Ntcheu. NyaKayira atapitako, a Patson anagogoda pachipsera ndi chala, mayiwo nadzidzimuka.

"Chanyerenyetsa mpaka kuzala!"

"Ndiye uli moyo, mayi. Mtsempha ukuphuka ngati dzungu loyanga. Kunsonga kwake kuli tizibowo tolandira timadzi tomwe mnofu wa kutsogolo umatulutsa, kalikonse ndi kake, ngati loko ndi kiyi. Kakalowa koyenera, nsonga imadziwa kolowera. Muzigogoda. Pamene pakunyerenyetsa ndi pamene yafika. Koma musaisokoneze njira."

"Ifika kuzala mwana wanga asanachire?"

"Zimenezo sindingalonjeze."

Iwo anamva ngati walonjeza. M'mawa uliwonse ankakhala pakhonde n'kumagogoda dzanja, kenako n'kulemba ndi khala pamene panyerenyetsa. Ankapinda zala zakufazo ndi dzanja linalo kuti zisaume, n'kumazipisa m'mbale ya mpunga ndi nyemba, kuyesa kusiyanitsa atatsinzina. Tinkawaseka kuti agogo ayamba kuombeza. Basi ikasowa ankapita kuchipatala wapansi, khadi ya chipani ili pamfundo ya chitenje kuopa anyamata a chipani pamsewu.

Kadontho ka khala kanachoka pachipsera, kanalowa m'chikhatho. Apa ndi pamene mudzi unalowerera. Kwathu ululu woyenda m'thupi suchedwa kupatsidwa dzina. Amuna a NyaKayira, a Gordon, anaona kadontho kakusuntha, nati ichi n'choponyeredwa, chikukwawa m'mnofu, ndipo mankhwala ake ndi kutema mphini kutsogolo kwake kuti chisowe podutsa. Anabwera ndi sing'anga, lumo lili kale m'manja. Sindiwada a Gordon. Anali ndi mantha, ndipo tonse tinkawavomereza.

NyaKayira anakhalira dzanja lawo.

"Awiske Towera," anatero kwa amuna awo, "chimene mukuti muchitsekerecho n'chimene ine ndikuchidikira. Mlendo ali panjira, inu mukukumba dzenje?"

"Nanga chikafika kumtima?"

"Chikupita kuzala ichi. Mtima uli kuzala, imwe?"

Sing'anga anapinda lumo m'kapepala kake. A Gordon sanalankhule ndi akazi awo mpaka mwezi unatha, ndipo amayi ena anayamba kuwalambalala NyaKayira kuchitsime.

Mimba ya Towera inakula msanga kuposa ulendo wa kadontho. Mwezi wochira utayandikira, kanali katangofika pakati pa chala cholozera. Nsonga zinali zakufabe. NyaKayira anagwira mimba ya mwana wawo, nagwiranso. Ndinali pomwepo, ndipo ndinawamvera chisoni kwambiri.

"Sindikumva bwino," anatero. "Ndikanama, ndipha awiri. Tiyeni kuchipatala."

Mzamba amene anachiritsa theka la mudzi anaperekeza mwana wake kwa anamwino, nakhala panja pabenchi ngati wina aliyense. Mwana anabadwa wamkazi, wamoyo. Atawapatsa kuti amunyamule, khandalo linafumbata chala chawo cholozera chadzanzi chija monga amachitira makanda onse. NyaKayira anatsinzina dala.

"Awiske Towera, bwerani. Wandigwira."

"Taona tonse," anatero a Gordon ali pakhomo.

"Inu mwaona. Ine ndamva."

Anakhala chitsinzinire, chala chili m'kadzanjako, mpaka namwino anabwera kudzatenga mwana.