Phulusa la Mkamwini

Ndinakwatira ku Thyolo m'zaka zimene tiyi ankameza mapiri, ndipo monga mwa mwambo ndinakakhala kwawo kwa mkazi. Mkamwini nthawi imeneyo sankamuyang'ana nkhope, ankamuyang'ana nkhokwe. Ikakhala yopepuka ankamusonyeza njira ya kwawo. Ine mkazi wangayo ndinkamukonda zedi, choncho nkhawa yanga inali pankhokwe usana ndi usiku.

Apongozi anga aakazi anachokera kudziko la Apwitikizi ali mtsikana. Kumeneko ulimi unali wa nkhwangwa ndi moto: kutema mphanje, kuunjika nthambi, kutentha, n'kubzala paphulusa. Zaka zoyamba maungu ankachita kubisa njira. Nthaka yakuda ikatha n'kutsala katondo, anthu ankasunthira pena kuti tchire limerenso. Koma mudzi wathu unali pa esiteti ya tiyi ya mzungu, ndipo panalibe kosunthira. Munda unali womwewo chaka ndi chaka mpaka unaguga, chimanga chake chachikasu cholekeza m'chiuno. Nthakayo inatopa ine ndisanabwere, komabe mlandu unagwera ine.

Bwana mwini esiteti anali ataletsa kutema ndi kutentha. Kapitawo anatifotokozera kuti moto umapha nthaka, chonde cha masamba oola chimathawira kumwamba ndi utsi. Sindikutsutsa, anali kunena zoona. Chondiseketsa mpaka lero n'chakuti thangata, ntchito yolipirira malo okhala, ine ndinkakagwira ku fakitale, kuponya nkhuni m'ng'anjo youmitsira tiyi. Nkhalango imene anatiletsa kutentha ija ndinkaitentha ine ndemwe, ngolo ndi ngolo, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Zikuoneka kuti utsi ukadzera m'chumuni cha mzungu nthaka simva kuwawa.

Phulusa tinkalitaya kuseri kwa fakitale, mulu wake kutalika kuposa nyumba. Tsiku lina ndinafunsa kapitawo ngati ndingatapeko.

"Mukatani nalo, achimwene? Mukutcheza chidulo cha mudzi wonse?"

"N'lakumunda, akapitawo."

"Tapani. Koma n'katundu wa bwana ameneyo. Akafunsa, ine sindinakuoneni."

Chilimwe chonse ndinkaweruka ndi thumba la phulusa paphewa. Ndinkafika kumudzi nditatuwa ngati mbatata yootcha, amayi kumtsinje n'kumafunsana ngati mkamwini wa pakhomo paja amadziwa kuti madzi ngaulere. Ine ndinkangodutsa. Mkazi wanga ankatuta masamba oola m'khwawa, ndipo tinkawakwirira pamodzi ndi udzu m'mizere, phulusa pamwamba.

Mvula itagwa, munda unandiyankha. Chimanga chinabiriwira mpaka kuda, nandolo anandipitirira msinkhu, maungu analowerera m'munda wa eni. Apongozi, amene mwamwambo sitinkalankhulana maso ndi maso, anapha nkhuku n'kutumiza mwana wawo ndi mbale.

"Akuti mudye nokha," anatero mkazi wanga akumwetulira. "Nthutumba ili momwemo."

Sindinadyepo nkhuku yokoma ngati imeneyo. Ndinayamba kuyenda pamudzi ngati munthu wokhala ndi kwawo.

Chimanga chili chachiwisi, bwana anadutsa pa kavalo, kapitawo akuthamanga pambuyo. Atafika pamunda wathu anaima. Anatsika, anatapa dothi, analifikisa m'manja, analinunkhiza. Ine ndinaima potero chifuwa chili patsogolo, kudikira kuyamikiridwa. Analankhula Chingerezi pang'ono, kapitawo n'kutembenukira kwa ine, maso ali pansi.

"Akuti nthaka yabwino chonchi anthu inu mukuiwononga ndi maungu. Mukakolola, pano pabwera tiyi."

Ndinkafuna kunena kuti nthaka akuitamayo inabwera paphewa langa, kuti pansi pake m'pa katondo wouma ngati njerwa. Koma kutero kunali kuvomera kuti ndinkatapa katundu wa bwana, ndipo wakuba ankamuchotsa pa esiteti ndi banja lonse, nyumba n'kuigwetsa. Kapitawo anandiyang'ana mondichonderera. Ndinati zikomo. Inde, ndinathokoza.

Titangokolola anthu a bwana anabwera ndi zingwe ndi zikhomo kudzayeza mizere ya tiyi. Minda ya anzathu, ya chimanga chachikasu chija, sanaikhudze n'komwe. Bwana ankadziwa kusankha.

Apongozi anaganiza zosamukira ku Nsabwe, kwa abale awo, kumene kunali kukadali tchire lotema. Sanandifunse maganizo, ndipo palibe ananditchula pokonza ulendo. M'mawa wonyamuka anaima pafupi nane, nkhope atalozetsa kumbali, n'kundilankhula kwa nthawi yoyamba chikwatirire mwana wawo.

"Akamwini, mwagwira ntchito, taona tonse. Koma mukanakhala waulesi, bwenzi munda tikadali nawo."

Mtima unandiwawa kwambiri chifukwa sananame.

Chimanga anachisenzetsa achibale m'madengu. Mkazi wanga ananyamula mtolo wake, maso atafiira, osandiyang'ana. Ndinawaperekeza mpaka pamtsinje, ndipo iwo anawoloka mmodzimmodzi. Ndinaima tsidya lino kudikira kuti wina anene kuti tiyeni. Palibe ananena.